Kiyi Yanga Inasaina Boti Lowola

Hawa mwana wanga,

Asalamu alaikumu. Iwe ndi amayi ako mwapita kwa Mponda kukatsanzika azakhali ako, ndiye masana ano nyumba yatsala ndi ine ndekha. Chikwama chako chatsamira khoma, chotseka kale. Kalatayi ndiyiika m'thumba la kutsogolo, momwe waika chaja ya laputopu, kuti ukaipeze utafika kale ku Lilongwe. Zomwe zili munomu ndakhala ndikulephera kukuuza pamaso kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lija unabwera ndi kalata ya ntchito, unatiwerengera kuti akuika m'gulu lolemba pulogalamu yosainira mafayilo a zotsatira za odwala. Amayi ako analulutira. Ine ndinangoti alihamudulilahi n'kutuluka panja, ndipo ndinaona pankhope pako kuti wakhumudwa. Ndinasangalala ndithu, mwana wanga, koma ndinachitanso mantha, chifukwa ntchito imeneyo ndi imene inandigwetsa ine. Uli folomu 2 tinakuuza kuti ndasiya ntchito ku bungwe la eni maboti chifukwa thandizo latha. Linali bodza. Anandichotsa.

Unali wamng'ono, ndiye ndikukumbutse momwe ntchitoyo inkayendera. Eni maboti onyamula anthu kuwoloka nyanja anagwirizana kuti boti lililonse liziyenderedwa lisanayambe maulendo. Woyendera wathu anali Che Jafali, mkulu amene anakhala akukhoma maboti moyo wake wonse. Ankagogoda matabwa a pansi, kumvetsera injini, kuwerenga majekete oyandamitsa, n'kunena kuti botilo linganyamule anthu angati. Akavomereza, ine ndinkalowetsa zonsezo mu pulogalamu yomwe ndinalemba ndekha. Pulogalamuyo inkapanga chiphaso, n'kuchisaina ndi kiyi yachinsinsi, n'kusindikiza papepala kabokosi ka timadontho takuda. Pa doko lililonse panali kalaliki wa bungwe ali ndi foni yokhala ndi kiyi yapoyera, inzake ya yachinsinsi ija. Akaloza foniyo pa kabokosi, inkaonetsa chobiriwira ngati chiphasocho chinasainidwadi ndi kiyi yathu, kapena chofiira ngati wina wasintha ngakhale chilembo chimodzi. Pakakhala pofiira, boti silinkanyamuka. Ndinkadzitama nayo ntchito imeneyi. Ndinkati mapepala achinyengo atha m'boma la Mangochi.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kusunga kiyi yachinsinsi pamalo amodzi okha, mu kompyuta ya mu ofesi. Tsiku lina magetsi anathima, n'kubwera ndi mphamvu yoposa muyezo, ndipo kompyuta inapsa ndili pomwepo, fungo la waya lili guu m'chipinda monse. Kiyi inapita nayo limodzi. Kupanga makiyi awiri atsopano ndi ntchito ya mphindi imodzi, ukudziwa iwe. Vuto linali lakuti kiyi yapoyera ndinali nditailemba m'kati mwenimweni mwa pulogalamu ya m'mafoni, osasiya njira yoti foni ilandire ina. Ndinachita kukwera njinga yamoto kuyenda doko ndi doko, Nkopola, Nkope mpaka kupitirira, kufufuta pulogalamu yakale n'kuika yatsopano. Kalaliki wina ndinkapeza wapita kumunda, wina foni ili kotchajitsa, wina wabwereketsa kwa mlamu wake. Zinanditengera milungu iwiri, eni maboti akunditukwana pa doko lililonse. Iwe Hawa, tsiku lomwe ukulemba mzere woyamba wa pulogalamu, dziwa kuti kiyi imeneyo idzasinthidwa. Siyiratu khomo lolowera kiyi yatsopano. Ipatse kiyi iliyonse dzina lake ndi tsiku lothera ntchito. Ukapanda kutero, kusintha kiyi kudzakhala chinthu chimene umachiopa, ndipo uona posachedwa chomwe mantha amenewo anandichititsa.

Kulakwa kwachiwiri kunabadwa mwa koyamba. Nditabwerako ku ulendo uja, nsana ukuwawa, ndinalumbira kuti sindidzatayanso kiyi. Ndiye ndinaichulukitsa. Ina mu laputopu. Ina mu fulashi yomwe ndinkayenda nayo pamodzi ndi makiyi a nyumba. Ina ndinadzitumizira pa imelo. Ina ndinaiika mu foda momwe munali pulogalamu yeniyeniyo, kuti ndisamavutike poyesa zatsopano, ndipo foda imeneyo inkakopedwa yonse pa kompyuta iliyonse ya mu ofesi. Kiyi yoyesera ndi kiyi yosainira ziphaso zenizeni inali imodzi yomweyo. Ndinaitseka ndi pasiwedi, inde, koma pasiwediyo linali dzina lako ndi chaka chomwe unabadwa. Aliyense amene anamwapo tiyi m'nyumba muno akanatha kuilota. Ndinkagona tulo tabwino, ndikuti ndadziteteza. Mwana wanga, kiyi yachinsinsi ikakhala malo anayi ndiye kuti ili ndi makomo anayi otulukira, ndipo iwe sungalondere onse. Usaiike mu foda ya pulogalamu, ngakhale kwa tsiku limodzi, pakuti ukaifufuta mawa imatsalabe mu mbiri ya fodayo. Yoyesera ikhale ina, yopanda mphamvu iliyonse kunja kwa tebulo lako. Ngati kuntchito kwako ali ndi tizipangizo tija tonga fulashi, tomwe kiyi imapangidwira m'kati ndipo situluka, pempha kamodzi, ukakamire mpaka akupatse. Ikafunika yosungira pangozi, ikhale imodzi, yotseka ndi mawu aatali osakhudza banja lako, m'kabati yokhoma imene sangatsegule munthu mmodzi yekha.

Kulakwa kwachitatu ndinakuchita chifukwa cha maliro, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati munthu wina akanachita mosiyana. Agogo ako aamuna atamwalira, uthenga unandipeza mu ofesi cha m'ma teni koloko, ndipo ukudziwa kuti kwathu sitigoneka maliro. Maboti atatu anali akudikira ziphaso. Mu ofesi ndinali ndi a Mwale, bambo wa ku Kasungu amene ankalemba makalata a bungwe, munthu wofatsa, woimba kwaya kutchalitchi kwawo. Anandiona ndikusokonekera, nati, "A Yusufu, pitani mukaike bambo. Mundisonyeze pongodina, ndisaina ine."

Ndinati, "Kompyuta yanu ilibe pasiwedi ya kiyi."

"Ndiye munditumizire pa foni. Ndikamaliza ndifufuta."

Ndinatumiza ndili pa kabaza, fayilo ya kiyi ndi pasiwedi mu uthenga umodzi. Sindinaganizeko kawiri. A Mwale anasaina maboti atatu aja bwinobwino, ndipo ku sadaka ya masiku atatu anabwera atanyamula thumba la mpunga. Patapita mwezi foni yawo inagwera m'madzi, anakaisiya kwa okonza mafoni kumsika, inakhalako sabata yathunthu. Atakaitenga anabwera pa tebulo langa, nkhope ili yogwa.

"A Yusufu, ndikuuzeni zoona. Uthenga uja ndinaiwala kufufuta. Wakhala uli momwemo nthawi yonseyi."

Ndinadzikakamiza kuseka. Ndinati, "Okonza mafoni angadziwe chiyani za fayilo imeneyo? Fufutani basi, musadandaule."

Iwe Hawa, usadzapereke kiyi yako kwa munthu, kaya ndi bwana, kaya ndi mnzako wa pamtima, kaya tsikulo wamwalira ndine. Osati chifukwa mnzakoyo ndi wakuba. A Mwale sanali wakuba. Ngati ntchito ifuna kuti anthu awiri azisaina, aliyense akhale ndi kiyi yakeyake, kuti siginecha iliyonse izidziwika mwini wake. Ndinkaganiza kuti ndikumudalira mnzanga, osadziwa kuti ndikumusenzetsa mlandu womwe sadzatha kuutula.

Kulakwa kwachinayi ndiko kwandilembetsa kalata ino. Zitatu zoyambazo ndi za munthu wosaphunzira bwino ntchito yake, ndipo ndikhoza kuzinena pagulu. Ichi ndi cha munthu wamantha. Lachisanu lina tikutuluka mu mzikiti, Che Jafali anandigwira mkono n'kundikokera pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi anthu.

"Che Yusufu, boti lija la penti yabuluu la ku Nkope, ndinalikana ine. Matabwa awiri a pansi ndi ofumbwa, chala chimalowa. Nanga bwanji dzulo ndaliona likukweza anthu?"

Ndinati, "Mwina kalaliki sanayang'ane chiphaso."

"Anayang'ana ine ndili pomwepo. Foni inayaka chobiriwira. Ndiye ndikufunsa inu, mwasaina boti lomwe ine ndinalikana?"

Ndinawayankha kuti ndifufuza. Ndinapita ku ofesi masana omwewo. Chiphasocho sindinachipange ine, ndipo sichinali mu kompyuta iliyonse yathu. Pamenepo ndinadziwa kuti kiyi ili m'manja mwa munthu wina, ndipo munthuyo akudziwa kuigwiritsa ntchito. Ndinkadziwanso chochita. Ndinayenera kuimbira wapampando wa bungwe nthawi yomweyo, kuuza makalaliki onse kuti chobiriwira chisakhulupiriridwenso, kuimitsa maboti onse, kupha kiyi yakale n'kuyamba ina. Koma pulogalamu yanga inalibe njira yophera kiyi. Ulendo woyamba uja ndinali nditaona vutoli ndi maso anga, koma nditabwerako ndinangoti ndidzakonza ndikapeza nthawi. Kunali kukweranso njinga doko ndi doko, kusainanso ziphaso zonse, komanso kuimirira pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti kiyi ya bungwe ndinaitumiza pa foni ngati chithunzi cha ukwati.

Ndinadziuza kuti ndikonza mwakachetechete. Ndilemba pulogalamu yatsopano, ndinene kuti tikungoiwonjezera mphamvu, ndisinthe kiyi popanda wina kudziwa chifukwa chake. Ndinkafuna milungu itatu basi. Che Jafali atandifunsanso Lachisanu lotsatira, ndinati, "Ndi kavuto kakang'ono ka makina, ndikukonza." Iwo anati, "Nyanja simadikira makina, Che Yusufu. Mwera wayamba." Iwo anapita okha kwa mwini boti kukamuchenjeza, koma iye anawaonetsa pepala, n'kuwafunsa ngati akudziwa kuposa kompyuta.

Sabata yachitatu isanathe, m'mawa wa Lolemba, boti lija linanyamuka ku Nkope kupita kutsidya la kum'mawa. Mwera unalipeza pakati. Opulumuka anati madzi sanalowere pamwamba, analowera pansi, thabwa litathyoka. Asodzi omwe anali pafupi anavuula ambiri. Anthu anayi sanavuulidwe amoyo. Mmodzi mwa iwo anali Abiti Saidi, mayi uja ankagulitsa usipa wouma pafupi ndi siteji, mayi wa mnzako Fatuma. Unkapita kukasewera kwawo, ndipo ankakuluka tsitsi pa Idi chifukwa amayi ako sankatha kuluka timizere tating'ono tomwe unkafuna. Unalira sabata yonse. Ine ndinanyamula nawo jeneza lake, phewa langa lili pansi pa thupi la munthu amene ndikanamupulumutsa ndi foni imodzi.

Hawa, tamvera bambo ako pano, ngakhale zina zonse uiwale. Tsiku lomwe udzakayikire kuti kiyi yatuluka, ngakhale kukayika chabe, nena tsiku lomwelo. Usadikire umboni. Usadikire kuti ukonze kaye kuti uoneke wanzeru. Pita kwa bwana wako, unene kuti ndalakwitsa, tiphe kiyi iyi lero. Adzakukalipira, mwina adzakuchotsa. Ntchito imapezeka ina. Ndipo njira yophera kiyi uilembe poyambirira penipeni, uiyese kuti ikugwira, anzako onse aidziwe, kuti pa tsiku loipalo isadzakhale phiri loti ukwere wekha. Mafayilo omwe ukukasainawo ndi a odwala. Namwino wa kuchipatala cha kumudzi sadzatsegula pulogalamu yako kuti aone m'kati. Adzaona chobiriwira n'kupereka mankhwala.

Kulakwa kwachisanu ndinakuchita pamaso pa anthu. Akuluakulu a bungwe anakhala pansi pamodzi ndi ofufuza, n'kuika pa tebulo chiphaso cha boti lija, chomwe mwini wake anachisunga mu pulasitiki kunyumba. Wapampando anandipatsa foni.

"A Yusufu, tayesani pepalali tonse tikuona."

Ndinaloza. Chobiriwira.

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti linasainidwa ndi kiyi yathu."

"Kiyiyo amasunga ndani?"

"Ine."

"Ndiye munasaina ndinu?"

Ndinati ayi. Anandifunsa kuti ndionetse umboni, ndipo ndinalibe. Pulogalamu yanga sinkalemba paliponse kuti yasaina chiyani, liti, pa kompyuta iti. Ndinali nditauza bungwe lonse kwa zaka zambiri kuti siginecha imeneyi singanamizidwe, ndipo tsopano mawu angawo ndi amene ankandimanga. Mwini boti anangoti pepalalo anamupatsa munthu wina pa doko yemwe sakumudziwa dzina, ndipo nkhani yake inathera m'makhoti. Iwe, pulogalamu yako izilemba siginecha iliyonse m'kaundula yemwe ngakhale iwe mwini sungamufufute. Kaundula ameneyo si wogwirira akuba okha. Tsiku lina ndi amene adzakuikire umboni.

Atandipanikiza kuti kiyi inatuluka bwanji, ndinatchula za foni ya a Mwale. Zinali zoona, koma sizinali zoona zonse. Sindinatchule fulashi, yomwe ndinkaisiya pa tebulo ndikamapita kukaswali. Sindinatchule imelo, kapena foda yomwe inali pa kompyuta iliyonse. Mpaka lero sindidziwa khomo lomwe kiyi inatulukira, ndipo mwina silinali la a Mwale n'komwe. Koma m'tauni muno nkhani inayenda yakuti mlendo wa ku Kasungu ndiye anagulitsa chinsinsi cha bungwe. Ana awo ankawaloza kusukulu. Patapita miyezi iwiri a Mwale anapakira katundu pa lole n'kubwerera kwawo. Anadzera pano kudzatsanzika, amayi ako anawapatsa madzi, ndipo anandiuza kuti, "A Yusufu, ndinakulakwirani, ndikanafufuta uthenga uja." Ndinawagwira chanza n'kuwauza kuti zinachitika basi. Ndinawalola kupita akukhulupirira zimenezo.

Za chenjezo la pansi pa mtengo wa mango sindinanene, ndipo palibe anandifunsa. Che Jafali anali m'chipindamo. Nthawi yonse ankangoyang'ana manja awo. Sindidziwa ngati anakhala chete pondimvera chisoni ine kapena poganizira inu ana. Kuchokera tsiku limenelo ankandiyankha salamu, koma sanandigwirenso mkono, mpaka anamwalira chaka chathachi. Akuluakulu a bungwe anandichotsa ntchito chifukwa cha kusasamala. Chifukwa chenicheni chomwe anayenera kundichotsera sanachidziwe.

Amayi ako amadziwa za foni ndi za fulashi. Za milungu itatu ija sadziwa. Ndiwauza lero mukabwerako, iwe ukamasamba. Ukadzaimba foni n'kumva mawu awo asintha, usadzawafunse zambiri.

Mwina ukudabwa kuti n'chifukwa chiyani sindinakuletse maphunziro a kompyuta. Ndinayesa, ukukumbuka ndinkakukakamiza za unamwino. Koma unkatenga laputopu yanga yakale ija, yomwe ndinkakonzera anthu makalata ofunsira ntchito, n'kumalemba tinthu tako, ndipo ndinaona kuti mutu wako ndi wakuthwa kuposa wanga. Za masamu a makiyi sindingakuphunzitse kanthu, unandipitirira kalekale. Ndikungokupempha kuti usadzipangire wekha njira yosainira chifukwa choti ungathe. Gwiritsa ntchito zomwe anthu ambiri anaziyesa kale, ndipo zomwe walemba uzipereke kwa mnzako aziwerenge. Ine ndinali ndekha m'boma lonse wodziwa pulogalamu ija, ndipo ndinkakonda zimenezo. Palibe akanandifunsa kuti kiyi mwaiika pati, chifukwa palibe ankadziwa kuti pali funso lotero. Ukadzapezeka kuti ndiwe wekha wodziwa, usadzasangalale. Phunzitsa wina msanga.

Ku Lilongwe kumazizira kuposa kuno, juzi ija usaisiye pansi pa chikwama. Uziswali pa nthawi yake ngakhale ntchito ichuluke. Uziwaimbira amayi ako Lamlungu lililonse, ine ukhoza kundidumpha ngati ukaona kuti sungathe kulankhula nane ukawerenga izi. Sindidzakudandaula. Ndasankha kuti undidziwe momwe ndilili kusiyana n'kuti upite ku ntchito imeneyi ukuganiza kuti zoterezi zimagwera anthu oipa okha kapena opusa okha. Ine ndinkakonda ntchito yanga, ndinkaswali kasanu, ndinkakukonda iwe, ndipo ndinakhala chete milungu itatu.

Fatuma ndi mnzako, ndipo sindikukupempha kuti umubisire kapena kuti umuuze. Katundu ameneyo ndi wanga. Bambo ake, Che Bwanali, timaima nawo mzere umodzi mu mzikiti Lachisanu lililonse, phewa kukhudza phewa, ndipo tikamaliza amandifunsa za maphunziro ako. Sabata yatha anandipatsa nsomba ziwiri zowamba kuti ukadye panjira. Zili m'pepala pamwamba pa kabati, amayi ako akupatsa m'mawa. Che Bwanali sadziwa chilichonse.

Mawa basi yako ikanyamuka sindibwerera kunyumba. Ndikwera kabaza kupita kwa Che Bwanali, ndikakhale pa mkeka pakhonde pawo, ndikawauze zonse zomwe ndakuuza iwe, kuyambira pansi pa mtengo wa mango. Kenako ndifunafuna nambala ya a Mwale. Sindikudziwa ngati Che Bwanali adzandilola kumaliza, kapena ngati Lachisanu likubwerali adzaimanso pafupi nane. Pomwe ukuwerenga apa, zimenezo zachitika kale, ndipo iwe uli kutali. Undipempherere dua, ngati mtima ukulola.

Allah akusunge panjira ndi pa ntchito, akupatse pakamwa pofulumira kuvomera kuposa panga.

Ndine bambo ako,
Yusufu